Nayitrojeni wadzaza mu mpweya, nanga bwanji chimanga chikuchita chikasu?

Januwale akafika pakati, minda imayamba kuulula zinsinsi za eni ake. Uku chimanga chili bii, chobiriwira mpaka kudera. Kungolumpha malire, masamba am'munsi achita chikasu, mapesi aonda ngati bango. Wodutsa aliyense amadziwa chavuta: wobereketsa sanathiridwe, kapena wachedwa. Chimene sititchula kawirikawiri ndi dzina la chinthu chimene chimangacho chikulirira, nayitrojeni.

Nkhani zake zakhala zikutipeza mbalimbali, moti n'zovuta kuona kuti ndi nkhani imodzi. Mu 2022 tinamva kuti nkhondo ya Russia ndi Ukraine yakweza mtengo wa yureya. Alangizi amati soya ndi nandolo zimabwezera chonde, koma alipo anabzala soya n'kudzapeza chimanga cha chaka chotsatira sichinasinthe kwenikweni. Ku Netherlands alimi anatseka misewu ndi mathirakitala chifukwa boma likufuna kuchepetsa nayitrojeni, pamene kuno anthu akuchezera pamzere kudikira feteleza wotsika mtengo. Zonsezi zikukamba za ulendo umodzi: mmene nayitrojeni amachokera mu mpweya, kulowa m'nthaka ndi m'mbewu, n'kudzabwereranso kumwamba.

Ndalama imene mbewu siilandira

Nayitrojeni ndi chimodzi mwa zipangizo zoyambirira za chilengedwe, gulu limodzi ndi chitsulo, golide ndi okosijeni. Chamoyo chilichonse chimamufuna kuti chipange mapuloteni. Ali mu mnofu wanu, mu nyemba za mu mphika, mu usipa. Pa mbewu amathandizanso kupanga kubiriwira kwa tsamba, kumene kumagwira kuwala kwa dzuwa. Akachepa, chimanga chimamuchotsa m'masamba akale n'kumutumiza ku masamba anthete, n'chifukwa chake chikasu chimayambira m'munsi, kunsonga kwa tsamba, n'kumalowerera motsata msempha wapakati.

Mu magawo 100 alionse a mpweya umene tikupumawu, 78 ndi nayitrojeni. Pamwamba pa hekitala imodzi ya munda pali matani pafupifupi 78,000 a nayitrojeni. Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 okha, popeza yureya ndi 46 pa 100. Tikawerengera, chimanga chachikasu chija chaima pansi pa matumba oposa 3 miliyoni, koma chikufa ndi njala.

Chimavuta n'chakuti mu mpweya maatomu a nayitrojeni amayenda awiriawiri, atamangana ndi zingwe zitatu zolimba kwambiri. Tikapuma amalowa m'mapapo n'kutuluka mmene analowera. Mbewu nayo singathe kumasula mfundoyo. Zili ngati munthu wofika pagolosale ya kumudzi chikwama chitadzaza ndalama za dziko lina: chuma ali nacho, koma sagula nacho mchere mpaka wina amusinthire. Mizu imalandira ndalama za mitundu iwiri makamaka, amoniyamu ndi nayitreti. Kusintha nayitrojeni wa mu mpweya kuti akhale wolandirika ndiko kumene mabuku a sukulu amati nitrogen fixation, ndipo osintha alipo atatu: mphezi, mabakiteriya ndi fakitale.

Za mphezi tingodutsapo. Kutentha kwake kumadula zingwe zija, ndipo mvula imatsitsa nayitreti pang'ono, wosakwanira kudyetsa munda wa chimanga.

Amene anayamba kuupatula mpweya wa nayitrojeni ndi Daniel Rutherford wa ku Edinburgh ku Scotland mu 1772. Anaona kuti kandulo imazima mmenemo, mbewa n'kufa. Antoine Lavoisier wa ku France anautcha azote, kutanthauza wopanda moyo. Dzinalo linaphonya kwambiri, poti popanda iye palibe chamoyo.

Timibulu ta m'mizu

Zulani mosamala phando la mtedza kapena soya wa milungu 6, mutsuke mizu. Muona timibulu tozungulira titamatirira. Ena amayesa ndi matenda. Kusiyana kwake n'kosavuta: zotupa za nyongolotsi za m'mizu, monga zija za tomato ndi fodya, ndi muzu weniweniwo wotupa, pamene timibulu ta soya timathothoka mukatikhudza ndi chala. Dulani kamodzi ndi chikhadabo. Mkati mukakhala mofiirira ngati nyama, ntchito ili mkati. Mukakhala moyera ndiye kuti sikanayambe kapena sikagwira ntchito, ndipo mobiriwira ndiye kuti kakalamba.

Alimi anadziwa kalekale kuti mbewu za mtundu wa nyemba zimakonza nthaka. Olemba a ku Greece ndi Rome wakale anazitchula, ndipo azigogo athu a kuchigawo cha kummwera sanadikire buku kuti azibzala nandolo pakati pa chimanga. Chifukwa chake ndicho chinatenga nthawi kudziwika. Mu 1838 Jean-Baptiste Boussingault anayeza zokolola pafamu yake ku Alsace ku France n'kupeza kuti mbewu za mtunduwu zimaonjezera nayitrojeni, pamene tirigu ayi. Mkangano wa kumene nayitrojeniyo amachokera unatha mu 1886, pamene Hermann Hellriegel ndi Hermann Wilfarth a ku Germany anabzala nsawawa mu mchenga umene anautentha kuti muphedwe tamoyo tonse. Nsawawazo zinanyentchera. Atathiramo timadzi tochokera ku dothi la m'munda, mizu inatuluka timibulu ndipo mbewu zinakula. Mu 1888 Martinus Beijerinck wa ku Netherlands anapatula bakiteriya wa m'timibulumo, amene lero timamudziwa ndi dzina la Rhizobium.

Ubale wake umayamba ndi kulonjerana. Muzu umatulutsa timankhwala toitana, bakiteriya woyenera amayankha ndi take, kaubweya ka muzu kamapindika n'kumukumbatira, kenako mbewu imamanga kanyumba komuzungulira. M'kati mwa bakiteriya muli chida chotchedwa nitrogenase, chopangidwa ndi puloteni, chitsulo ndi mtundu wina wa chitsulo wotchedwa molybdenum, chimene chimadula zingwe zitatu zija n'kupanga amoniya, amene akasungunuka m'madzi amasanduka amoniyamu uja. Chida chimenechi chimaonongeka chikakumana ndi okosijeni, komabe bakiteriyayo amafuna okosijeni kuti apume. Mbewu inapeza njira: imapanga puloteni yofiira, mbale wake wa imene ili m'magazi athu, yonyamula okosijeni n'kumamupereka pang'onopang'ono. Kufiira kuja mumaona m'kati mwa kambulu n'kumeneko.

Amene anakhalapo pa esiteti ya fodya amva msanga, chifukwa ndi utenanti. Mbewu ndiye bwana, imapereka nyumba ndi phoso la shuga wochokera kumasamba. Bakiteriya ndiye tenanti, amalipira ndi nayitrojeni. Phosolo si lochepa, pakuti kudula zingwe zitatu kumadya mphamvu zambiri. N'chifukwa chake bwana akapeza nayitrojeni wambiri m'nthaka salembanso matenanti: mukathira yureya wambiri ku soya, timibulu timachepa. Ofufuza anapezanso kuti soya amachepetsa okosijeni wopita ku kambulu kamene sikakubweretsa kanthu. Tenanti waulesi amamuduliratu phoso.

Si bakiteriya aliyense amene amagwirizana ndi mbewu iliyonse. Khobwe, mtedza ndi nandolo nthawi zambiri zimapeza anzawo m'nthaka yathu. Soya kwawo ndi ku China ndi maiko oyandikana nawo, ndipo bakiteriya wake wamtundu wa Bradyrhizobium kawirikawiri sapezeka wokwanira m'munda umene sunalimidwepo soya. Apa ndi pamene pamalowera inokulanti, kaphukusi ka ufa wakuda kamene amasakaniza ndi mbewu asanabzale. Kaphukusi kameneka si feteleza, muli mabakiteriya amoyo, ndipo dzuwa ndi kutentha zimawapha. Ndicho chifukwa chake alangizi amati kusakaniza kuchitikire pamthunzi ndipo mbewu ibzalidwe tsiku lomwelo m'dothi lachinyezi. Malonda amenewa anayamba ku Germany m'zaka za m'ma 1890. Njira ina ndi ya bungwe la kafukufuku wa zaulimi la IITA, limene likulu lake lili ku Ibadan ku Nigeria: kupanga mitundu ya soya yosasankha bwenzi, monga Tikolore wa kuno. Ku Zambia mtundu wa Magoye unadziwika ndi khalidwe lomwelo.

Dziko limene lapita patali ndi njira ya mabakiteriya ndi Brazil, limene limalima soya wochuluka kuposa maiko onse pafupifupi osathira feteleza wa nayitrojeni. Maziko ake anaikidwa ndi wasayansi Johanna Döbereiner, ndipo mu 2025 Mariangela Hungria wa bungwe la kafukufuku la Embrapa analandira mphoto ya World Food Prize chifukwa cha ntchito yomweyi.

Alipo mabakiteriya ena ogwira ntchitoyi paokha m'nthaka, monga Azotobacter, ndi ena okhala m'kachomera koyandama kotchedwa Azolla, kamene alimi a mpunga ku China ndi Vietnam akhala akukaweta m'minda yawo kwa zaka mazanamazana.

Fakitale imene inasintha chiwerengero cha anthu

M'zaka za m'ma 1800 maiko a ku Ulaya ankasaka nayitrojeni ngati golide. Kuyambira m'ma 1840 zombo zinkatuta zitosi za mbalame za kunyanja pa zilumba za Chincha ku Peru. Zitayamba kutha, maso anatembenukira ku mchere wa nayitreti wa m'chipululu cha Atacama, umene unayambitsa nkhondo ya 1879 pakati pa Chile ndi maiko a Peru ndi Bolivia. Mu 1898 William Crookes anachenjeza msonkhano wa asayansi ku Bristol ku England kuti tirigu adzaperewera ngati akatswiri sapeza njira yotapira nayitrojeni mu mpweya.

Fritz Haber anaipeza mu 1909 ku Karlsruhe ku Germany, ndipo Carl Bosch wa kampani ya BASF anaikulitsa mpaka fakitale yoyamba inatsegulidwa ku Oppau mu 1913. Amatenga nayitrojeni wa mu mpweya ndi mpweya wina wotchedwa hayidirojeni, n'kuzipanikiza kuwirikiza pafupifupi ka 200 kuposa mpweya wa panja, pa kutentha kwa madigiri 400 mpaka 500, pamwamba pa chitsulo chofulumizitsa ntchito. Chotuluka ndi amoniya, kholo la yureya, CAN ndi nayitrojeni wa mu NPK. Chimene bakiteriya amachita mwakachetechete m'dothi lozizira, ngati munthu womasula mfundo ndi zala, fakitale imachita ndi nkhwangwa.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya mitengo. Nayitrojeni wa mu mpweya ndi waulere, koma hayidirojeni amachokera ku gasi wa pansi pa nthaka, ndipo ku China amachokera kwambiri ku malasha. Thumba la yureya kwenikweni ndi gasi wosandulika timibulu toyera. Gasi atakwera mtengo mu 2021 ndi 2022, mafakitale ambiri a ku Ulaya anachepetsa ntchito kapena kutseka, ndipo Russia, imene imagulitsa kunja gasi ndi feteleza wambiri, inali pankhondo. Malawi alibe fakitale yopanga amoniya. Mafakitale a kuno amasakaniza zipangizo zochokera kunja, zodzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, zolipiridwa ndi madola. Choncho kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, thumba linakweranso ngakhale kunja mitengo inali itayamba kutsika. Anansi athu anayesapo kupanga okha, Zambia ku Kafue ndi Zimbabwe ku Kwekwe, ndipo mu 2022 Aliko Dangote anatsegula fakitale yaikulu ya yureya pafupi ndi Lagos ku Nigeria.

Akatswiri amawerengera kuti pafupifupi theka la anthu a padziko lapansi lero amadya chakudya cholimidwa ndi nayitrojeni wa m'fakitale, ndipo ntchitoyi imadya gawo limodzi kapena awiri pa 100 a mphamvu zonse zimene dziko limagwiritsa ntchito. Mbiri yake ili ndi mbali ina yakuda. Amoniya yemweyo anathandiza Germany kupanga zipolopolo ndi mabomba pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, ndipo Haber, amene analandira mphoto ya Nobel ya 1918, ndiye anatsogolera kugwiritsa ntchito mpweya wakupha ku Ypres ku Belgium mu 1915. Kuphulika kwa padoko la Beirut ku Lebanon pa 4 Ogasiti 2020 kunachokera ku matani pafupifupi 2,750 a amoniyamu nayitreti.

Akalowa m'nthaka sakhazikika

Gawo limeneli ndi limene limakhudza mlimi tsiku ndi tsiku. Fosifolasi, chakudya china cha mbewu chopezeka mu NPK, mukamuthira amakhala pomwepo. Nayitrojeni ndi wapaulendo, amasintha maonekedwe, ndipo pokhota paliponse pali chibowo chothawira.

Wambiri amakhala m'zinyalala zowola: masamba, mizu, ndowe, matupi a tizilombo. Ameneyu ali ngati mbuzi za m'khola, chuma chosungika chimene simungagulire sopo lero. Tamoyo ta m'nthaka tikamadya zinyalalazo timamasula amoniyamu. Ameneyu ali ngati ndalama yomanga pansonga ya chitenje, chifukwa amamatirira ku dongo, madzi samutenga msanga. Koma m'dothi lofunda ndi lachinyezi, pa masiku kapena milungu yochepa, mabakiteriya ena amamusandutsa nayitreti. Sergei Winogradsky ndiye anawapatula cha m'ma 1890, odziwika kwambiri ndi Nitrosomonas ndi Nitrobacter. Nayitreti ndi ndalama ya m'thumba lobooka. Mizu imamukonda, koma samatirira ku dothi, ndipo mvula yamphamvu imatsika naye kupitirira pofika mizu, makamaka m'dothi lamchenga.

Mukamvetsa zimenezi, malangizo ambiri a ulimi amasiya kuoneka ngati malamulo opanda chifukwa.

Tiyambe ndi kubzala ndi mvula yoyamba. Dothi louma kwa miyezi likanyowa, tamoyo tija timadzuka n'kumasula nayitrojeni wambiri nthawi imodzi. H. F. Birch anafotokoza zimenezi m'ma 1950 akugwira ntchito ku East Africa. Wobzala mochedwa amapeza phwandolo litatha, nayitrojeni atadyedwa ndi udzu kapena atatsika ndi madzi.

Kuthira kawiri, wokulitsa kenako wobereketsa, kumachokera pomwepo. Kachimanga ka masamba atatu sikangamwe nayitrojeni wa nyengo yonse. Njala yaikulu imabwera chikafika m'mawondo mpaka kumasula, ndiye wothira zonse pachiyambi amadyetsa mtsinje.

Za kukwirira yureya nazo n'chimodzimodzi. Yureya akagwa pamwamba pa dothi lofunda, amasungunuka n'kusanduka amoniya, ndipo gawo lina limauluka. Fungo lolasa mphuno la m'khola la nkhuku kapena pamalo pokodzera ndi nayitrojeni amene akutsanzika. Dzina loti yureya lenilenilo linachokera ku mawu otanthauza mkodzo, kumene anayamba kupezeka Friedrich Wöhler asanamupange m'labotale mu 1828. Manyowa osiyidwa pamtetete padzuwa amataya chonde mwa njira yomweyi.

Nkhani ya mapesi ndi yopotana pang'ono. Moto wa posaka mbewa kapena wa posesa m'munda umatumiza kumwamba pafupifupi nayitrojeni yense wa m'mapesi, phulusa limangosunga potaziyamu ndi michere ina. Koma wokwirira mapesi ouma nayenso nthawi zina amadabwa kuona chimanga chikuyamba ndi chikasu. Mapesi ali ndi nayitrojeni wochepa kwambiri, choncho tamoyo towoletsa timabwereka wa m'nthaka kuti timalize ntchito, n'kudzabweza pambuyo pake. Ngongoleyo imabwezedwa, kungoti nthawi zina imafika mbewu itavutika kale. Masangwi a mtedza ndi masamba a nandolo sachita zimenezi kwenikweni chifukwa amabwera ndi kamba wawo.

Chibowo chomaliza chili m'dambo. Madzi akadikha, okosijeni amatha, ndipo mabakiteriya ena amayamba kupuma nayitreti, n'kumubweza ku mpweya mmene anachokera. Ndiko kutha kwa ulendo, ndipo n'chifukwa chake chimanga cha pamalo a lowe chimachita chikasu ngakhale munathira. Padziko lonse, mbewu zimamwa nayitrojeni wosafika theka la amene amaperekedwa kuminda.

Palinso chilonda chimene chimabwera mwakachetechete. Amoniyamu akamasanduka nayitreti amasiya asidi. Pakapita zaka zambiri za feteleza popanda manyowa kapena laimu, nthaka imawawasa, fosifolasi amamangika, ndipo ngakhale timibulu ta m'mizu sitichita bwino. Pamene alimi amati feteleza waotcha nthaka, mbali ina akunena zimenezi. Mbali ina n'njakuti munda wolimidwa chimanga chaka ndi chaka umatha zinyalala zowola kaya muthire feteleza kaya ayi, ndipo kaufiti amakonda nthaka yoguga yotero.

Kodi soya amasiya zingati m'munda?

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, ndipo penanso olimbikitsa mbewuzi amalankhula mopitiriza. Mbewu ya mtundu wa nyemba imagwira nayitrojeni kuti idzidyetse yokha, ndipo wambiri amakathera mu njere. Tani imodzi ya soya imanyamula makilogalamu pafupifupi 60 a nayitrojeni, pamene ya chimanga imanyamula pafupifupi 15. Mukazula soya ndi mizu yomwe, kukamenyera pakhomo, kugulitsa njere n'kutentha zotsalira, nayitrojeni amene bakiteriya anagwira wakwera lole. Mundawo mwina wangopumulako, sunalemere.

Mbewuzi zimasiyananso. Nyemba zathu za ndiwo ndi zofooka pa ntchitoyi, n'chifukwa chake zimayamika feteleza pang'ono. Mtedza umasiya zambiri ngati masangwi abwerera kumunda. Nandolo amakhalitsa, mizu yake imazama, ndipo amayoyola masamba miyezi yambiri. Pachifukwa chimenechi ofufuza pamodzi ndi alimi a ku Ekwendeni ku Mzimba anayesa kubzala nandolo ndi mtedza m'munda umodzi, chaka chotsatira n'kuikamo chimanga. Kalongonda amasiya zochuluka kuposa zonsezi, koma ambiri amakaika kupereka munda wa chaka chathunthu ku mbewu yovuta kuphika. Ndipo zonsezi zimafuna fosifolasi. M'nthaka yosowa fosifolasi timibulu timakhala tochepa, inokulanti payekha sangachite zozizwitsa.

Kasinthasintha wa mbewu ali ndi phindu lina losakhudza nayitrojeni, monga kuchepetsa matenda ndi kaufiti, moti chimanga chikachita bwino pambuyo pa mtedza, si zonse zimene zachokera ku timibulu.

Mitengo nayo ili m'gulu lomweli. Msangu, wofala kuzigwa za kunyanja monga ku Salima, uli ndi khalidwe lachilendo: umayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kuphukira m'chilimwe, choncho sutchinga chimanga ndi mthunzi. Kungoti umafuna zaka zambiri kuti phindu lake lioneke. Gliricidia, wochokera ku Central America, wakhala akuyesedwa pamodzi ndi chimanga ku Makoka ku Zomba kuyambira mu 1992, ndipo amafuna manja odulira ndi kukwirira masamba panthawi imene ntchito zina zakumunda zapanikiza.

Kumene wachuluka

Ku Netherlands vuto ndi ng'ombe, nkhumba ndi nkhuku zambiri pa dziko laling'ono. Amoniya wochokera ku ndowe amagwera m'nkhalango ndi m'madambo otetezedwa n'kusintha zomera za kumeneko. Khoti lalikulu litagamula mu Meyi 2019 kuti ndondomeko ya boma yokhudza nayitrojeni sikutsata malamulo a European Union, kunabuka zionetsero za alimi zimene zinagwedeza ndale za dzikolo. Ku America, nayitreti wochokera m'minda ya chimanga amatsika ndi mtsinje wa Mississippi n'kukadyetsa ndere ku Gulf of Mexico. Nderezo zikamawola zimamaliza okosijeni, ndipo chaka chilichonse pamakhala dera lalikulu limene nsomba zimathawamo. Bungwe la WHO limati madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 50 a nayitreti pa lita, makamaka poteteza makanda. Palinso mpweya wa nitrous oxide wotuluka m'minda, umene pa zaka 100 umatenthetsa dziko kuwirikiza pafupifupi ka 270 kuposa carbon dioxide wolemera mofanana.

Sri Lanka inaonetsa mbali inayo. Mu Epulo 2021 boma la Gotabaya Rajapaksa linaletsa mwadzidzidzi kuitanitsa feteleza wa m'fakitale. Zokolola za mpunga ndi tiyi zinatsika, ndipo chiletsocho chinafewetsedwa chaka chisanathe. Otsutsa ulimi wa manyowa amaloza kumeneko. Ouikira kumbuyo amayankha kuti cholakwika chinali liwiro ndi kusowa kwa ndalama zakunja, osati njirayo.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi la ndalama za boma. Kuchokera pa Starter Pack wa 1998, FISP wa 2005 mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, mpaka AIP wa 2020 mu ulamuliro wa Lazarus Chakwera, Malawi wadalira kutsitsa mtengo wa feteleza wa chimanga. Akatswiri sagwirizana kuti kilogalamu imodzi ya nayitrojeni imabweretsa chimanga chochuluka bwanji m'munda wa mlimi wamba, chifukwa zotsatira za kumalo a kafukufuku zimaposa za kumudzi, kumene feteleza amafika mochedwa, kupalira kumachedwa ndipo nthaka inaguga. Ena amati gawo la ndalamazo lipite ku laimu, mbewu za mtundu wa nyemba ndi ulangizi. Ena amati Africa imathira feteleza wochepa kwambiri kale, moti kuchepetsanso ndi kuitana njala. Atsogoleri a mu Africa atakumana ku Abuja mu 2006 analonjeza kukweza feteleza wothiridwa kufika pa makilogalamu 50 pa hekitala, ndipo pamsonkhano wa ku Nairobi mu Meyi 2024 anaika thanzi la nthaka pambali pa feteleza m'dzina lenileni la msonkhanowo.

Lachiwiri ndi lakuti mabakiteriya angafike pati pa munda wa ekala imodzi kapena ziwiri. Banja likapatula gawo la nandolo kapena mtedza, nsima ya chaka chimenecho ichepa ndi zingati, ndipo msika udzabweza? Alimi a nandolo sanaiwale mmene mitengo inagwera mu 2017 India itachepetsa kugula kunja.

Lachitatu likukhudza manyowa osakaniza ndi feteleza pang'ono, amene ambiri amati a Mbeya. Ogwiritsa ntchito amawayamikira. Ofunsa amati nayitrojeni sabadwa m'thumba, amene alimo ndi amene munaikamo, ndipo phulusa likakumana ndi yureya lingathe kuulutsa amoniya. Kodi phindu limene alimi akuona likuchokera ku nayitrojeni, ku michere ina, kapena ku kusunga chinyezi?

Lachinayi lili m'malabotale. Mu 2018 ofufuza analengeza za chimanga cha makolo cha ku Sierra Mixe, m'chigawo cha Oaxaca ku Mexico, chimene mizu yake ya pamwamba pa dothi imatulutsa madzi onanda okhala ndi mabakiteriya ogwira nayitrojeni. Chimangacho n'chachitali kwambiri ndipo chimatenga miyezi yambiri kuti chikhwime. Kodi khalidwelo lingalowetsedwe m'mitundu yocha msanga, ndipo phindu likadzapezeka, anthu a kumeneko amene anasunga mbewuyo adzalandirapo chiyani? Mu 2024 kunatulukanso nkhani ya kandere ka m'nyanja yamchere, Braarudosphaera bigelowii, kamene kali ndi kachiwalo kakekake kogwira nayitrojeni, zimene zapatsa mphamvu amene akufuna kuti tsiku lina chimanga, mpunga ndi tirigu zizidzigwirira zokha. Ena akuyesa kupanga amoniya ndi hayidirojeni wochokera m'madzi pogwiritsa ntchito magetsi a dzuwa, m'timafakitale tating'ono toti tingamangidwe kutali ndi doko. Pakadali pano amoniya wotere ndi wokwera mtengo kuposa wa gasi, ndipo sizinadziwike ngati kusiyanako kungaphimbidwe ndi ndalama zimene dziko lopanda doko limalipira kunyamula thumba kuchokera ku Beira kufika ku Mchinji.